Mvukuto wa Injini: Chifukwa Chake Utsi Wakuda Suthetsedwa ndi Mafuta

Chilimwe chikafika pachimake, mu Seputembala ndi Okutobala, madandaulo amene amatipeza kuno ku Chiparamba kuchokera kwa anzathu amene anaphunzira pano amakhala ofanana. Wina amati injini ya chigayo chake yayamba kufuka utsi wakuda bii, ndipo akangothira chimanga chochulukirapo imagwada. Wina amati pampu ya kudimba, imene mu Juni inkadzaza mizere yonse dzuwa lisanakwere, tsopano ikutsokomola ndi kumwa petulo ngati thanki yake yabooka. Ambiri a iwo amakhala atalandira kale uphungu umodzimodzi kwa munthu wina woyenda ndi sipanala m'thumba: "Yafooka iyi, tiiwonjezere mafuta." Munthuyo amadula kawaya kamene opanga injini anamanga pa pampu ya dizilo, napotoza kasikuluu kamene kawayako kankateteza. Injini imalira mwaukali kwa masabata angapo, mwini wake nkukondwera. Kenako imaima ndithu, kawirikawiri pa tsiku limene pakhomo pa chigayo pali mzere wa matumba.

Injini yotere nthawi zambiri sikhala ndi njala ya mafuta. Imakhala ikubanika. Kuti timvetse bwino zimenezi tiyamba ndi mbaula, kenako tipita kutali pang'ono, kwa anthu amene amamanga okha timotoka taliwiro m'magalaja a kunyumba kwawo, pakuti iwo anaphunzira phunziro limeneli atasungunula mapisitoni ambirimbiri.

Moto umadya zinthu ziwiri

Mbaula ikamafuka utsi mmalo moyaka, palibe mayi amene amathiramo makala ena. Amagwedeza phulusa kuti mabowo atseguke, naitengera pamphepo kapena kuikupiza ndi chivundikiro cha poto. Makolo athu osula makasu ankadziwa zoposa pamenepo: makala omwewo amene amangofunditsa munthu, akawapemerera ndi mvukuto wa chikopa cha mbuzi amafewetsa chitsulo. Chimene mvukuto unkawonjezera ndi mpweya basi.

Mkati mwa injini mumayaka moto wa mtundu womwewo, kungoti umayaka ndi kuzima kambirimbiri pa mphindi imodzi. Mumpweya umene timapumawu, magawo 21 pa 100 alionse ndi okosijeni, ndipo ndi okosijeni ameneyu amene amayatsa mafuta. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse yonse pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya. Dizilo amafuna pafupifupi chimodzimodzi. Manambala amenewa amaoneka ochepa chifukwa ndi a kulemera, pamene mpweya ndi chinthu chopepuka kwambiri. Tikawasandutsa muyeso umene tingauone ndi maso, lita imodzi ya petulo imafuna malita pafupifupi 9,000 a mpweya wa m'mbali mwa nyanja yamchere. Amenewo ndi madiramu a malita 210 opitirira 40, onse chifukwa cha lita imodzi.

Mafuta alionse olowa mu injini mopitirira mpweya umene ulimo sapereka mphamvu. Amangopsa mwatheka, nasanduka mwaye. Utsi wakuda umene mukuuona pa ekizozi ndi mafuta amene munagula ndi ndalama yanu, akutuluka osagwira ntchito.

Mpweya wa kuno ndi wochepa kale

Dera la Chipata lili pamtunda wa mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Munthu akamakwera mtunda mpweya umapepuka: diramu ya mpweya wa kuno imakhala ndi okosijeni wochepa kuyerekeza ndi diramu ya mpweya wa ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Motero lita ija ya petulo kuno imafuna madiramu pafupifupi 50. Koma silinda ya injini sikula chifukwa chakuti yabwera ku Zambia. Imakoka muyeso womwewo, wa mpweya wopepukirapo.

Mabuku a malangizo a injini zing'onozing'ono za Honda amanena kuti mphamvu imatsika ndi maperesenti 3.5 pa mamita 300 alionse amene mwakwera. Pa mamita 1,100 ndiye kuti yatsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu. Pampu imene pambali pake analemba kuti hosipawa 5.5, kuno ikupereka pafupifupi 4.8 idakali yatsopano, isanalawe fumbi. Pampu yomweyo mutaitsitsira kuchigwa cha Luangwa, ku Mfuwe, kumene kuli pafupifupi theka la mtunda wathu, ingabwezeko mbali ina ya mphamvu imeneyi. Oyendetsa mamotoka ku South Africa amazidziwa bwino zimenezi: motoka imene ili ndi changu ku Durban imasanduka yaulesi ikafika ku Johannesburg, pa mamita pafupifupi 1,750.

Kutentha nakonso kumapeputsa mpweya. Pakati pa mmawa wozizira wa Juni ndi masana otentha a Okutobala pali kusiyana kwa maperesenti 6 kapena 7. Phatikizani mtunda, kutentha ndi sefa ya mpweya yodzaza fumbi, ndipo muona chifukwa chake madandaulo aja amabwera onse m'miyezi iwiri yomweyi.

Anthu omanga okha mamotoka

Ku Britain ndi ku South Africa kuli anthu amene sagula motoka yathunthu. Amagula chimango, mawilo, mipando ndi zitsulo zonse zili m'mabokosi, nazimanga okha madzulo akaweruka kuntchito. Motoka yotere amaitcha kit car. Yotchuka kwambiri ndi Lotus Seven, imene Colin Chapman anayamba kugulitsa mu 1957. Masiku amenewo munthu wogula motoka yosamanga ankapewa msonkho umene boma la Britain linkalipiritsa pa motoka yatsopano. Mu 1973 kampani ya Caterham inagula ufulu wopitiriza kupanga motokayi, ndipo kampani ya Birkin ya kufupi ndi Durban inapanganso zofanana nayo. Ndi kamotoka ka anthu awiri, kofupika ngati ngolo yopanda matayala aakulu, kamene sikanganyamule ngakhale matumba awiri a feteleza. Kwa mlimi kalibe ntchito. Chimene tikufuna kwa eni ake ndi njira imene amatsata akafuna mphamvu yochuluka mu injini yaing'ono.

Iwo amadziwa kuti kuwonjezera petulo ndi kosavuta, ndipo pakokha sikupindula kanthu. Chovuta ndi kulowetsa mpweya wochuluka m'silinda yomweyo. Motero amamangirira pa injini chipangizo chotchedwa supercharger, chimene ndi mvukuto wachitsulo wozunguzidwa ndi lamba kuchokera ku injini yomweyo. Kufanana kwake ndi mvukuto si kwa mawu chabe. Mtundu wakale kwambiri wa chipangizochi unapangidwa ndi abale awiri, Philander ndi Francis Roots a ku Connersville ku America, amene analembetsa luso lawo mu 1860, ndipo ntchito yake yoyamba inali kupemerera ng'anjo zosungunulira zitsulo ndi kulowetsa mpweya m'migodi. Panapita zaka zambiri chisanaikidwe pa motoka. A Mercedes anaonetsa mamotoka awo oyamba okhala nacho ku Berlin mu 1921.

Phindu lake limaoneka pa mamotoka awiri a Caterham. Ya mtundu wa 420 ili ndi injini ya Ford ya malita 2 yopuma yokha, ndipo imapereka hosipawa 210. Ya mtundu wa 620R, imene inatuluka mu 2013, ili ndi injini ya malita 2 omwewo, koma yokhala ndi supercharger ndi zina zoilimbitsa, ndipo imapereka hosipawa 310.

Tsono taonani dongosolo limene womanga motoka wanzeru amatsata akamangirira mvukuto wake. Asanakhudze mafuta amayamba wafufuza ngati mapaipi onse a mpweya ndi omanga bwino, pakuti paipi yotaya mpweya imanamiza miyeso yonse yotsatira. Amaika kachipangizo koyeza kupanikizika kwa mpweya wolowa ndi kena koyeza kutentha kwake. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, monga mmene pampu ya njinga imatenthera m'manja, ndipo mpweya wotentha ndi wopepuka. Choncho amaudutsitsa m'chipangizo chonga rediyeta kuti uzizire usanalowe mu injini. Mu ekizozi amaikamo kachipangizo kamene kamanunkhiza utsi ndi kusonyeza pa nambala kuchuluka kwa mpweya pa mafuta. Akatero amaika motoka pa makina a mawilo ozungulira pamalo amodzi, naiyendetsa pang'onopang'ono, pa liwiro lililonse ndi katundu aliyense, akulemba m'kompyuta ya injini muyeso wa petulo woyenera pa malo alionse. Pamene motoka ikungoyenda mofatsa amasiya muyeso pa 14.7. Pamene mvukuto ukupemerera ndi mphamvu yake yonse amautsitsa dala kufika pa 12 kapena 11.5, kuti petulo wotsalayo aziziritse mkati mwa silinda. Amachedwetsanso pang'ono nthawi imene pulagi imathetheka. Ndipo nthawi yonseyi amatchera khutu ku kaphokoso konga timiyala togundana m'chitini, kamene kamasonyeza kuti petulo akuphulika yekha nthawi isanakwane. Kaphokoso kameneka kakapitirira kwa masekondi ochepa chabe injini ili pa mphamvu yonse, pisitoni imabooka.

Chiyeso chawo chachikulu ndi kapule. Kuika kapule kakang'ono pa supercharger kumaizunguza msanga, ndipo mpweya umachuluka. Woika kapuleko osabwerera ku makina oyesera amapeza injini yothamanga kwambiri kwa tsiku limodzi. Cholakwa chake ndi chofanana ndi cha munthu wa sipanala uja, kungoti chatembenuka: uyu wawonjezera mpweya osayeza mafuta, uja wawonjezera mafuta osayang'ana mpweya.

Mvukuto umene tili nawo pa munda

Supercharger ya lamba simudzaiona kawirikawiri pa makina a ulimi. Umene tili nawo ndi mphwake, turbo. Mmalo mwa lamba, turbo imazunguzidwa ndi utsi wotuluka mu injini: utsi umazunguza kawilo kamodzi, ndipo kawilo kena ka pa mtengo womwewo kamakankhira mpweya watsopano mkati. Alfred Büchi wa ku Switzerland analembetsa luso limeneli mu 1905. Mu 1918 Sanford Moss wa kampani ya General Electric anakwera ndi injini ya ndege pamwamba pa phiri la Pikes Peak ku America, mamita pafupifupi 4,300, kukasonyeza kuti turbo ingabwezere injini mphamvu imene mtunda waichotsera. Ichi ndi chifukwa chake thirakitala ya turbo simva kwambiri mtunda wathu: mpweya ukapepuka, turbo imazungulira msanga nibweza mbali yaikulu ya chimene chatayika.

Chitsanzo chapafupi ndi mathirakitala a Massey Ferguson opangidwa ku Pakistan, amene amagulitsidwanso muno m'Zambia. MF 240 ndi MF 260 onse ali ndi injini ya mtundu wa Perkins ya masilinda atatu, ya malita 2.5. Yoyamba imapuma yokha ndipo imapereka hosipawa 50. Yachiwiri ili ndi turbo ndipo imapereka 60. Opanga anawonjezera mpweya, kenako anakonza pampu kuti ipereke dizilo wolingana ndi mpweyawo. Munthu amene angapotoze pampu ya 240 kuti ipereke dizilo wa 260 adzapeza utsi wa thirakitala ziwiri ndi mphamvu ya imodzi.

Turbo imazungulira maulendo opitirira 100,000 pa mphindi, ndipo chimene chimaisunga ndi oyilo wa injini basi. Mukailiza mmawa, ipatseni mphindi imodzi kapena ziwiri ikulira pansipansi kuti oyilo afike. Mukamaliza kulima, musazimitse nthawi yomweyo. Idikireni mphindi ziwiri kapena zitatu. Injini ikazima oyilo amaleka kuyenda, koma turbo imakhala idakali yotentha kwambiri, ndipo oyilo wotsalira mkati mwake amapserera. Madalaivala ambiri amene ndawaona amachita zosiyana ndi izi: amaponda mafuta kamodzi mwamphamvu, nazimitsa. Sindidziwa kumene mwambo umenewu unachokera, koma ogulitsa zitsulo ayenera kuti amaukonda.

Dizilo ndi petulo sizidwala mofanana

Pano pali kusiyana kumene kumasokoneza ambiri. Mu injini ya petulo, kabureta imasakaniza mpweya ndi mafuta zisanalowe m'silinda, ndipo muyeso wake uyenera kukhala pafupi ndi 14.7 nthawi zonse. Petulo akachuluka, injini imafuka, imadetsa pulagi ndi kuwononga ndalama. Petulo akachepa, injini imatentha mopitirira muyeso ndi kupsereza mavalavu. Ngozi ili mbali zonse ziwiri.

Injini ya dizilo ya chigayo kapena ya thirakitala imakoka mpweya wodzaza silinda nthawi zonse, kaya ili ndi katundu kaya ilibe. Mphamvu yake imasinthidwa ndi kuchuluka kwa dizilo amene nozo yapopera. Popeza dizilo amapoperedwa pa kamphindi komaliza, sakhala ndi nthawi yosakanikirana bwino ndi mpweya wonse, motero injiniyi imafuna mpweya wotsala nthawi zonse. Kuchepa kwa dizilo sikuipweteka. Imangopereka mphamvu yochepa. Kuchuluka kwa dizilo ndiko kumaipha. Kasikuluu kaja komangidwa ndi kawaya ndi kantovu kanaikidwa pa malire amene mpweya wa injiniyo ungakwanitse. Mukakapitiriza, utsi wotuluka umatentha koposa, mwaye umalowa mu oyilo niumusandutsa phala lakuda, maling'i amamatirira, ndipo dizilo wosapsa amatsuka oyilo pa khoma la silinda, chitsulo nkuyamba kudyana ndi chitsulo. Safunsa anadya phula: kasikuluu kameneka ndi ka amisiri a mapampu a dizilo amene ali ndi makina oyesera, ndipo ngakhale iwo amakagwira pomalizira.

Sefa ya mpweya

Injini ya malita 2.5 ija, ikamalima, imakoka madiramu pafupifupi khumi a mpweya pa mphindi iliyonse. Pa tsiku la maola asanu ndi atatu amenewo ndi malita pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo onse amatengedwa pakati pa fumbi limene pulawo kapena halo ikuutsa. Chimene chaima pakati pa fumbi limenelo ndi mapisitoni ndi sefa ya mpweya, imene amakaniko amaitcha eya kilina. Pa zinthu zonse za pa injini, imeneyi ndi yotsika mtengo kuisamala ndipo ndi imene imanyalanyazidwa koposa.

Injini zambiri za zigayo, za silinda imodzi zochokera ku China, pamodzi ndi mathirakitala akale, zili ndi sefa ya mbale ya oyilo. Mpweya umatsika kugunda oyilo, fumbi nkumira, kenako umakwera kudutsa m'ulusi wa waya. M'nyengo ya fumbi tsegulani mbaleyo mmawa uliwonse. Pisani chala: mukapeza matope pansi, khuthulani, tsukani mbale, ndipo thirani oyilo wa injini woyera kufika pa mzere umene anadinda pambale. Oyilo wakale wochotsedwa mu injini si woyenera, ngakhale kuti ambiri amagwiritsa ntchito ameneyo poganiza kuti akusunga ndalama. Musapitirire mzere. Oyilo wochuluka amakokedwa kulowa m'silinda, ndipo injini ya dizilo imatha kumuyatsa ngati mafuta. Ulusi wa waya uja utsukeni ndi dizilo kapena parafini, ndipo muulole udonthe mpaka uume musanaubwezere.

Sefa ya pepala siitsukidwa ndi madzi kapena petulo. Igogodeni pang'ono pa dzanja, osati pa tayala kapena pamwala, pakuti ikapindika pakamwa siikhalanso bwino ndipo fumbi limadutsa m'mbali. Ngati pali kompuresa, pemererani kuchokera mkati kupita kunja, ndi mphamvu yochepa. Kenako lowani nayo pamdima, muike tochi mkati mwake. Kuwala kukaoneka kofanana paliponse, ili bwino. Kukapanda kuoneka, yatsekeka. Mukaona kadontho kowala kwambiri, yabooka, ndipo sefa yobooka iyenera kutayidwa tsiku lomwelo. Mathirakitala ambiri ali ndi kasefa kachiwiri mkati mwa yaikulu. Kameneko sikayeretsedwa, kamangosinthidwa. Kambale koonekera mkati kamene kali pamwamba pa paipi yokokera mpweya kakhuthulidwe kasanadzaze.

Sefa ya siponji ya pa mapampu a petulo itsukeni ndi madzi a sopo, iume bwino, muidonthezere oyilo pang'ono, ndipo muifinye mpaka wotsala atuluke. Siponji yonyowa kwambiri ndi oyilo imabanikitsa injini mofanana ndi yafumbi.

Pali cholakwa china chimene ndimachiona kawirikawiri, ndipo chimachitidwa ndi anthu akhama. Aona kuti injini ikubanika, aichotsa sefa, injini yapepukidwa, ndipo aisiya choncho. Kwa masabata ochepa zimaoneka ngati nzeru. Koma fumbi la kuno lili ndi timchenga tolimba, ndipo likasakanikirana ndi oyilo limagwira ntchito ya sandipepa. Paipi yong'ambika kapena kalampu yomasuka pakati pa sefa ndi injini imachita chimodzimodzi mwakachetechete. Pisani chala mkati mwa paipi imeneyi nthawi ndi nthawi. Chiyenera kutuluka choyera.

Kwa eni zigayo ndiwonjezere ichi. Injini ikakhala m'chipinda chimodzi ndi chigayo imapuma ufa ndi gaga tsiku lonse, ndiponso imapuma mpweya umene yautenthetsa yokha. Mangani khoma pakati pa ziwirizi, kapena tulutsani paipi yokokera mpweya kunja, kumbali ya mthunzi, kutali ndi ekizozi. Paipiyo ikhale yaifupi, yotakasuka kuposa kamwa la sefa, ndiponso yopanda makona ambiri, apo ayi mwangosinthanitsa kubanika kwina ndi kwina.

Pampu ya kudimba

Kabureta imayeza mpweya ndi kuchuluka kwake, osati ndi kulemera kwake. Motero pa mtunda wathu, pamene mpweya ndi wopepuka, pampu yatsopano imakhala ikulandira kale petulo wochulukirapo pang'ono kuposa amene ikufuna. Sefa ikatsekeka, injini imakoka mwamphamvu kudzera mu jeti, petulo nkuwonjezereka. Munthu amene amatenga waya kapena singano kukulitsa bowo la jeti akupititsa vuto kumene linali kale. Kumene kuli mtunda waukulu ogulitsa injini amaika jeti yaing'ono, osati yaikulu; ndipo injini yosinthidwa chotero ikatsitsidwa kuchigwa imatentha, chifukwa kumeneko petulo amakhala atachepa.

Mboni yabwino ya zimene zikuchitika mkati ndi pulagi. Ithamangitseni pampu pa ntchito kwa theka la ola, izimeni, idikireni izizire, ndipo mumasule pulagi. Nsonga yofiirira ngati mtedza wokazinga ikusonyeza kuti muyeso uli bwino. Yakuda ndi mwaye wouma ikusonyeza petulo wochuluka: yang'anani sefa, yang'anani ngati choki chikutseguka chonse, ndiponso ngati kabureta sikusefukira. Yakuda monyowa ndi oyilo ikuloza ku maling'i. Yoyera mbuu, kapena yokhala ndi timatuza, ikusonyeza petulo wochepa, ndipo imeneyo ndi yofunika changu.

Pampu ikamalira mokwera ndi kutsika yokha, kapena ikamakana kulira pokhapokha choki chili chotseka theka, ndiye kuti jeti yatsekeka ndi zinyalala kapena ndi utomoni wa petulo wogonera. Mankhwala ake ndi kuitsuka ndi kuipemerera, bowo likhale mmene analipangira. Kasikuluu kakang'ono ka pambali pa kabureta kamangolamulira kalilidwe ka pansipansi. Kukapotoza sikuwonjezera madzi m'mizere. Pa injini ya Honda GX160, mpata wa pulagi ndi mamilimita 0.7 mpaka 0.8, ndipo mpata wa mavalavu pa mitundu yake yakale, injini ili yozizira, ndi 0.15 ku valavu yolowetsa ndi 0.20 ku yotulutsa. Valavu nayonso ndi khomo la mpweya: mpata ukakula, khomolo silitseguka lonse. Mvula ikayamba ndipo pampu ikukasungidwa, tsekani kampopi ka petulo ndi kukhuthula kambale ka pansi pa kabureta.

Chenjezo limodzi lisatipite. Injini ya petulo imatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo, ndipo umachuluka pamene petulo wapitirira muyeso. Musatsitsire pampu m'chitsime kapena kuiliza m'nyumba yotseka, ngakhale madzi atatsika motani.

Utsi ukapitirira sefa ili yoyera

Si utsi wakuda wonse umene umachokera ku sefa. Pa chigayo, yang'anani katundu amene mwasenzetsa injini: nyundo zakutha, sefa ya ufa yotsekeka, chimanga chosauma, kapena pule yosayenera imene ikuumiriza injini kulira pansi pa liwiro lake. Ekizozi yodzaza mwaye imabanikitsa injini kuchokera kumbuyo. Pa thirakitala ya turbo, paipi yotaya mpweya pakati pa turbo ndi injini imamveka ngati likhweru ndipo imabweretsa utsi wakuda, popeza pampu imaperekabe dizilo wa mpweya umene sunafike. Zonsezi zikakhala bwino, chotsalira ndi nozo. Nozo yakutha imadontha mmalo mopopera nkhungu, ndipo imeneyi ndi imene muyenera kunyamula kupita nayo koyesetsa, pampu isanakhudzidwe. Utsi wobiriwira motuwa ndi oyilo akupsa. Utsi woyera umene sukutha injini itatentha ndi dizilo wosayaka kapena madzi olowa m'silinda.

Injini ya dizilo ikayamba kumwa oyilo, kaya wa m'mbale yodzaza mopitirira kaya wa turbo yakutha, imatha kuthamanga yokha mopenga, ndipo kutseka dizilo sikuiimitsa. Njira yake ndi kuitsekera mpweya ndi thabwa lathyathyathya pakamwa pa paipi. Musagwiritse dzanja kapena nsanza. Thabwa limeneli likhale pafupi ndi injini, ndipo aliyense wogwira ntchito pachigayo adziwe ntchito yake.

Ife tilibe makina oyesera ngati a omanga mamotoka aja, koma kabuku ndi pensulo zimagwira mbali ina ya ntchito yomweyo. Lembani malita a mafuta amene mwathira, maola amene injini yalira, ndi matumba amene mwagaya kapena mizere imene mwathirira. Lembaninso tsiku limene mwatsuka sefa ndi kusintha oyilo. Pofufuza vuto sinthani chinthu chimodzi, muyese, mulembe, kenako mugwire china. Mukasintha zitatu pamodzi simudzadziwa chimene chathandiza. Mukaona kuti malita omwewo ayamba kugaya matumba ochepa, yambani ndi mbale ya oyilo ndi mapaipi ake, mupite ku nyundo ndi malamba, kenako ku mavalavu ndi nozo. Ndipo mukafika kwa mmisiri wa mapampu, mupatseni kabukuko pamodzi ndi nozoyo.